Kampasi ya a Eustace ndi Nsapato za Anjelina

A Eustace Yohana anali mphunzitsi wa masamu pa sukulu ina ya mishoni kumunsi kwa Phiri la Dedza, ndipo aliyense amene anadutsa m'manja mwawo amawakumbukira ndi kampasi yamatabwa yojambulira pabolodi. Inali kampasi yaikulu, miyendo yake kutalika ngati mkono wa munthu, mwendo wina wa msomali, wina wobowola poikapo choko. Anawapangira ndi kalipentala wa pamishoni iwo atangoyamba ntchito, ndipo siinkagona m'kabati ya sukulu ayi. Inkapita nawo kunyumba, m'mawa n'kubwera nawo, itapanidwa m'khwapa. Ana ankanong'onezana kuti a Yohana akadzamwalira kampasiyo idzalowa nawo m'bokosi, ndipo eni akewo akanamva sakanatsutsa.

Anabadwira cha ku Mayani, mwana wa katekisiti. Ansembe ataona kuti mwanayo mutu ukugwira, anamuphunzitsa mpaka anakhala mphunzitsi. Atatumizidwa pa sukuluyi anakwatira a Magadalena, mwana wa kwa Alufeo, mudzi umene unali kuseri kwa munda wa sukulu. Chikamwini sanapite, pakuti aphunzitsi amakhala m'nyumba za sukulu, koma utsi wa kwa apongozi ankauona ali pakhonde pawo, ndipo abale a mkazi ankamva chilichonse chochitika m'nyumbamo dzuwa lisanalowe. Zimenezi zinkawanyansa, koma ankangomeza.

Anali munthu waukhondo mpaka kunyanya: jekete lotuwa, tayi, nsapato zopolishidwa mpaka nkhuku n'kumadziyang'anirapo. Mowa ayi, fodya ayi. Zipani zitachuluka m'dziko muno, anzawo akamatsutsana m'chipinda cha aphunzitsi mpaka tiyi kuzizira, iwo ankakhala pakona n'kumasongola choko ndi lezala.

Chaka chilichonse nyengo yozizira ikafika, ana a Fomu 2 ankalandira phunziro limene a Eustace ankalikonda kuposa onse, la kudula mzere pakati penipeni popanda kuuyeza. Ankalowa m'kalasi osalankhula. Ankajambula mzere wogona, kuno A, uko B. Ankatambasula kampasi kupitirira theka la mzerewo, n'kubaya msomali pa A, n'kukhwatcha kauta pamwamba, kena pansi. Kenako msomali pa B, miyendo ya kampasi osaisuntha, timauta tina tiwiri. Pamene timauta tapingasana pamwamba ndi pamene tapingasana pansi ankalumikiza ndi rula, ndipo mzere watsopano unkatsika utaima chilili n'kudula unzakewo pakati, mbali iyi ndi iyo osaposana ngakhale pang'ono. Akatero ankatembenuka n'kuponya rula pa desiki ya mwana wamakani kwambiri.

"Amene akukayika abwere adzayeze."

Mwana ankayeza, kalasi n'kuwomba m'manja, a Eustace n'kumasasa choko m'zala ngati palibe chachitika. Kenako ankakweza chala.

"Timauta musafufute. Timauta ndi umboni woti simunabere. Wofufuta ndimupatsa ziro, mzere wake uwongoke bwanji."

Ana awo aamuna awiri phunziroli linangowadutsa pamutu. Wamkulu anakhala dalaivala wa malole onyamula matabwa, wachiwiri anayamba kugulitsa kachewere pamsewu wa ku Lilongwe, ndipo a Eustace akakwera basi yodutsa pamenepo ankayang'ana mbali ina. Chitsiriza, Anjelina, ndiye anatengera mutu wa bambo ake. Mwanayu masamu ankangowamwa. A Eustace anamuphunzitsa zonse pakhonde pawo, kuwonkhetsa, kugawa, mpaka zovuta zimene ana a Fomu 1 amalira nazo, koma phunziro la timauta anamubisira dala, monga mmene mayi amasungira chiwindi cha nkhuku mwana amene amamukonda.

"Ababa, kampasiyi imadula bwanji mzere?" Anjelina ankafunsa ali wamng'ono.

"Dikira Fomu 2, mwanawe. Ndidzakuonetsa ndekha."

Tsikulo ankaliona m'maganizo mwawo zaka zonsezo. Adzajambula, adzatembenuka, rula adzaponya pa desiki ya mwana wawo yemwe, ndipo iye adzayeza n'kuwayang'ana kukamwa kuli yasa. Munthu wina amalota nyumba ya malata, wina ng'ombe. A Eustace ankalota zimenezi, ndipo sankauza munthu.

Chaka chimene Anjelina analowa Fomu 2, cha 1998, pa sukulupo panali patabwera mphunzitsi watsopano wa sayansi, Stefano Alufeo. Stefanoyu anali mlongo wawo wa a Magadalena, chitsiriza m'mimba mwawo, choncho kwa Anjelina anali amalume. Stefanoyo ali mwana wa sukulu, a Eustace anamuphunzitsa okha, ndipo anamuswa zala ndi rula kangapo chifukwa chofufuta timauta. Tsopano anali atabwerako ku koleji ku Zomba ndi digiri imene a Eustace analibe, atakwatira namwino wa pachipatala cha mishoni, a Bridget, ndipo anapatsidwa nyumba mumzere womwewo wa aphunzitsi. Kale ankati "aphunzitsi", atavula chipewa. Tsopano ankati "alamu" n'kutambasula dzanja. Panalibe cholakwa pamenepo, koma a Eustace mawuwo ankawamva ngati mchenga m'mano.

Ndiye kunabwera kompyuta. Anatumiza ndi akhristu a parishi ina ya kunja kudzera kwa bambo mfumu, ndipo inafika m'makatoni pa galimoto ya mishoni, sukulu yonse ikuyang'ana. Ahedi anachotsa makasu ndi mabuku akale m'kachipinda kena, anapaka laimu, anayala kapeti pansi, n'kuika kompyutayo patebulo itafundidwa chitenje. Wina anawauza kuti fumbi limapha kompyuta, ndiye anakhazikitsa lamulo: aliyense wolowa m'menemo avule nsapato pakhomo, kaya ndi mwana, kaya ndi mphunzitsi, kaya ndi bambo mfumu amene. Kiyi anapatsa Stefano, pakuti ndi iye yekha amene anali ataigwirapo kompyuta.

A Eustace anali mphunzitsi wokhalitsa kuposa onse, ndipo makiyi a pa sukulupo, a laibulale, a belu, a kabati ya mayeso, ankadutsa m'manja mwawo. Uyu yekha anawalumpha. Sanadandaule poyera, koma aphunzitsi onse atapita kukaona chinthucho tsiku loyamba, iwo anaima panja.

"Lowani, alamu, mudzaone," anatero Stefano ali pakhomo ndi masokosi okha.

"Ine kuvula nsapato? Kutchalitchi komwe ndimalowa nazo. Ndivulire wailesi yagalasi?"

Anthu anaseka, iwo n'kumva bwino. Koma atanena zimenezo pagulu, anali atadzitsekera okha chitseko, pakuti munthu ngati a Eustace sabweza mawu.

Lamulo la nsapato linali ndi vuto limodzi limene ahedi sanaliganizire. Aliyense wodutsa pakhondepo ankadziwa amene ali m'kati. Nsapato zinkandandalikana pakhomo, za aphunzitsi, za ana, mapatapata a ana a kumudzi, ndipo a Eustace, amene njira yawo yopita kunyumba inkadutsa pomwepo, anayamba kuziwerenga ngati nyuzipepala. Ankaona nsapato za ana awo anzeru, omwe kale ankawatsatira ndi mafunso akaweruka, zitafola pafupi ndi nsapato zofiirira za Stefano. Ankadutsa mutu uli m'mwamba, koma maso ali pansi.

Stefano anali ndi disiki imene anabwera nayo ku Zomba, ya pulogalamu yojambulira mizere ndi zozungulira, ndipo madzulo akaweruka ankaphunzitsa kagulu ka ana. Tsiku lina a Eustace ali pakhonde kuchonga makope, Anjelina anafika akuthamanga, wefuwefu, n'kuiwala ndi kugwada komwe.

"Ababa! Ndadula mzere pakati! Pakompyuta!"

Cholembera chinaima m'manja mwa a Eustace.

"Mzere uti?"

"Wa A ndi B. Amalume andionetsa. Umajambula chozungulira kuchokera pa A kukagunda B, china kuchokera pa B kukagunda A, ndiye pamene zapingasana umalumikiza. Koma ababa, chodabwitsa si chimenecho. Ukagwira kadontho ka B n'kukakoka, kaya ukwere nako, kaya utsike nako, mzere wapakati uja umatsatira wokha! Umangokhalabe pakati, osaphonya. Ndinayesa kuupusitsa, wakana."

Nkhope ya mwanayo inali ikuwala, kukamwa kuli yasa, ndendende mmene a Eustace ankaionera m'maloto awo zaka zonse zija. Kungoti wowalitsa nkhopeyo anali wina. Nsanje inawagwira. Inde, inali nsanje, palibe chifukwa choipatsira dzina lina laulemu.

"Timauta unationa?" anafunsa ndi mawu ouma.

"Zozungulirazo amalume anazibisa kuti pagalasi paoneke bwino, koma akafuna amazibwezeretsa."

"Anabisa umboni. Ndinkadziwa. Mnyamata ameneyo anayamba kalekale kufufuta."

"Akuti mudzabwere mudzaone, ababa. Akuti mudzakondwa."

"Usadzapitenso kumeneko."

Anjelina anayang'ana bambo ake, kenako anayang'ana mayi ake amene ankasankha nyemba pamphasa. Analowa m'nyumba mwakachetechete. A Magadalena anapitiriza kusankha nyemba kanthawi, kenako analankhula maso ali m'lichero.

"Bambo a Anjelina, mwana walakwanji?"

"Akuwonongeka. Pamayeso sadzalowa ndi kompyuta."

"Iii, inu! Ndakhala nanu zaka zonsezi, ndisakudziweni? Mayeso ake ati? Chakupwetekani n'choti wamuonetsa ndi Stefano. Ndipo mukumbuke kuti amenewo ndi amalume ake. Akamuitana, mwana angakane bwanji?"

"Mwana ndi wanga."

"Ndani wakana?" anatero a Magadalena, n'kupeta nyemba zawo.

Mawa lake Stefano anawapeza a Eustace m'chipinda cha aphunzitsi, ndipo pofuna kukonza zinthu anaziwonongeratu. Anali mnyamata wa mtima wabwino, koma wosadziwa pamene chilonda chili.

"Alamu, musaikwiyire pulogalamuyi. Zimene ikuchita ndi zomwe zija munandiphunzitsa inu. Ine ndikamaonetsa ana ndimatchula dzina lanu. Mutabwera Loweruka kulibe ana, ndingakuphunzitseni pang'onopang'ono. Sizovuta ayi, ngakhale achikulire amatha."

A Eustace anaika lezala pansi.

"Undiphunzitse iwe, Stefano?"

"Kagwiritsidwe kake kokha, alamu."

"Zikomo. Ndikadzafuna sukulu ya mkaka ndidzakuuza."

Anjelina anamvera bambo ake kwa masabata angapo. Akaweruka ankabwera molunjika kunyumba, n'kumathandiza mayi ake, koma anali wozizira, ndipo mafunso a masamu pakhonde anatha. A Eustace ankadzitonthoza kuti phunziro lawo layandikira, ndipo mwana akadzaona kampasi yeniyeni adzaiwala zidole za amalume ake.

Ndiye kunamveka kuti kukubwera alendo a ku dayosizi kudzaona mmene kompyuta ikugwirira ntchito. Stefano ankafuna mwana woti adzaonetse alendowo, ndipo pa ana onse panalibe wofanana ndi Anjelina. Anamuitana pamaso pa anzake, monga mphunzitsi komanso monga malume. Mwana akanatani? Anapita kukakonzekera.

Linali tsiku la chiperoni, chifunga chitatsika m'phiri mpaka mitengo ya paini osaoneka, kamvula kowaza kakugwa kuyambira m'mawa. A Eustace anatuluka m'kalasi atadzikuta m'jekete, kampasi m'khwapa, n'kudutsa pakhonde paja monga mwa masiku onse. Maso anatsika okha. Pafupi ndi nsapato zofiirira zija panali nsapato zakuda za lamba, zimene iwo anakagula okha ku boma chaka chitayamba, atasankha zokulirapo kuti mwana akule nazo. Anazidziwa ndi kamsomali kamene anakhomera okha pachidendene.

M'kati munamveka kuwomba m'manja. A Eustace anasuzumira pazenera, pamene katani inasiya mpata. Anjelina anali atakhala pampando, dzanja lili pa kachipangizo kokokera zinthu pagalasi, Stefano ataima kumbuyo kwake, ana atawazungulira. Pagalasi panali mzere wa A ndi B. Mwana anakoka B, mzere wapakati n'kupendekeka, n'kutsetsereka, n'kukhalabe pakati. Anakokanso, unatsatiranso. A Eustace anaona, ndipo mumtima anadziwa kuti chinthucho n'chokongola. Chimene iwo ankachinena ndi pakamwa zaka zonse, chakuti njira imeneyi imagwira pa mzere uliwonse, apa chinkaoneka ndi maso. Chikanakhala chachabechabe akanaseka n'kumapita. Chinawapweteka chifukwa chinali chabwino, ndipo Stefano anasisita mwana wawo pamutu.

Anawerama, anatola nsapato za Anjelina, anazipana m'khwapa pamodzi ndi kampasi, n'kupita kunyumba.

Maganizo awo anali achidule. Mwana atuluka, apeza nsapato palibe, adziwa kuti ababa adutsa, athamangira kunyumba, amukalipira, nkhani itha. Munthu wodziwa kudula mzere osayeza analephera kuganiza chinthu chimene mwana wa Sitandade 1 amadziwa, choti nsapato zikasowa pakhomo anthu saganiza za bambo ake a mwini nsapato. Amaganiza za wakuba.

Ana atatuluka, aliyense anavala zake, Anjelina n'kutsala chiimire pa simenti yozizira. Anafunafuna pakhonde, kuseri, m'maluwa. Ndiye wina anakumbuka kuti Elena anatuluka pakati pa phunziro kupita kuchimbudzi. Elena anali mnzake wa Anjelina wa pa desiki imodzi, mwana wa mayi wamasiye wa kumudzi, amene ankabwera kusukulu ndi mapatapata omanga ndi waya. Sipanafunikenso umboni wina. Anyamata anamulanda chikwama n'kukhuthulira pansi, makope ndi kachewere wophika n'kugwera m'matope. Anamutcha wakuba pamaso pa anthu. Stefano anawaletsa, koma mawu anali atatuluka kale, ndipo Elena anathawa akulira.

Anjelina anayenda wopanda nsapato m'matope ozizirawo, kudutsa bwalo lonse la mpira, amalume ake akumuperekeza. Njira yonse ankalira, osati chifukwa cha kuzizira, koma poganiza kuti akawauza chiyani ababa, amene anamuletsa kupita kumeneko, tsopano wataya ndi nsapato zomwe. Stefano ankamulimbitsa mtima kuti akalankhula nawo yekha alamu akewo.

Analowa m'nyumba. A Eustace anali pampando pafupi ndi mbaula, kapu ya tiyi m'manja. Nsapato zinali patebulo, zitaikidwa bwinobwino mbali ndi mbali.

Kulira kwa Anjelina kunaduka pomwepo. Anayang'ana nsapato, anayang'ana bambo ake. A Eustace anali atakonza mawu ambiri, koma ataona mapazi a mwanayo, matope mpaka mu akakolo, zala zitachita dzanzi, mawu onse anathawa.

"Munatenga ndinu, alamu?" anafunsa Stefano motsitsa.

"Ndinamuletsa kupita kumeneko."

"Mwana wa eni ake wakhuthulidwa chikwama. Amutcha wakuba sukulu yonse ikumva."

Anjelina anatembenuka n'kupita kukasamba mapazi kuseri, nsapato osazikhudza. A Magadalena, amene anamva zonse ali pakhomo la khitchini, anafunda chitenje n'kulowera njira ya kwa Alufeo.

Nkhani ngati imeneyi siigona. Mmene kumacha, sukulu yonse inali itadziwa kuti wakuba nsapato anali a Yohana, ndipo ana akaona aphunzitsiwo akubwera ankayang'ana kumapazi kwawo n'kumapana kuseka. Anjelina anapita kusukulu ndi mapatapata a mayi ake. Elena anasamuka pa desiki, osamulankhulanso. Alendo a ku dayosizi atabwera, Anjelina anakana kukhala pa kompyuta, ndipo anaonetsa ndi mwana wina. Kwa mayi ake a Elena, a Eustace anapita okha, nkhuku m'manja, n'kupepesa ataima pabwalo. Zimenezo anakwanitsa. Kupepesa mwana wobereka okha ndiye kunawakanika, ankangodutsana naye m'nyumba ngati anthu a pa depoti ya basi.

Lamulungu itatha Misa kunabwera a Ezara, mlongo wamkulu wa a Magadalena, mwini mbumba wa kwa Alufeo. Anali munthu wocheka matabwa m'nkhalango ya paini, manja ngati makungwa, wosathamanga polankhula. Anakhala pakhonde, Stefano pambali pawo, a Magadalena pamphasa.

"Alamu," anayamba a Ezara, "ife sitinabwere kudzakangana. Mwana munabereka ndinu, mwamulera bwino, aliyense akuona. Chikhalire sitinalowererepo za m'nyumba mwanu. Koma mwana ameneyu ndi mbumba yathu. Akayenda chosavala m'chiperoni anthu akuona, manyazi amafika kwathu. Mayi ake akuti sakudya, sakulankhula. Ndiye taganiza kuti akayambe wakhala kwa Stefano mpaka mitima izizire."

"Kwa Stefano?" A Eustace anadzuka pampando. "Pa nyumba zonse, kwa Stefano? Mwandichitira dala!"

"Kumudzi n'kutali ndi magetsi, mwana amawerenga. Kwa Stefano ndi pompano, ndipo a Bridget alipo."

"Ine sindinapemphe zimenezi, alamu," anatero Stefano, maso ali pansi.

"Iwe khala chete! Unayamba ndi kiyi, wabwera ana a m'kalasi mwanga, lero ukufuna ndi wa m'nyumba mwanga yemwe?"

A Ezara anadikira kuti mpweya utsike.

"Chabwino. Tisakokane. Mwanayo ndi wamkulu, timufunse yekha."

A Eustace anavomera msanga, pakuti pamenepo sankakayika. Uyu ndi mwana amene anamuphunzitsa kuwerenga ndi nyemba pakhonde lomweli, amene ankagona pamiyendo pawo iwo akuchonga makope. Anjelina anaitanidwa, anabwera n'kugwada chapatali.

"Mwanawe," anatero a Ezara, "usaope munthu. Ukufuna kukhala pano, kapena ukayambe wakhala kwa amalume ako aang'ono?"

Anjelina anakanda simenti ndi chala.

"Ndikakhala kwa amalume."

Ananyamula zovala ndi mabuku tsiku lomwelo. Nsapato zinatsala patebulo mpaka a Magadalena anazichotsa pofuna kuika mbale.

Akanapita naye kutali bwenzi zili bwinoko. Koma nyumba ya Stefano inali mumzere womwewo, ndipo a Eustace akakhala pakhonde ankaona zonse. M'mawa ankaona mwana wawo akusesa bwalo la Stefano. Madzulo ankamuona atakhala pakhonde la Stefano, buku pamiyendo, akufunsa mafunso, amalume ake akuloza ndi pensulo. Tsiku lina anamumva akuseka, kuseka kumene m'nyumba mwawo kunali kutasowa, ndipo analowa m'nyumba n'kutseka chitseko dzuwa likuswa mtengo. Anayamba kuonda. Jekete linayamba kulendewera m'mapewa.

Phunziro la timauta linafika pa nthawi yake, pakuti silabasi siidikira mitima ya anthu. A Eustace anajambula bwino kuposa zaka zonse, choko chosongoka, timauta topyapyala. Atatembenuka, rula ili m'manja, anapeza Anjelina atamaliza kale m'kope mwake, timauta tonse tili pamalo pake, manja atapinda, akuyang'ana pazenera. Rula anaiika patebulo. Tsiku limenelo sanaitane woyeza, ndipo ana sanadziwe ngati awombe m'manja kapena ayi.

Loweruka lotsatira anatulutsa nsapato zija pansi pa bedi. Anazipolisha okha, mpaka lamba yemwe, n'kuzikulunga m'nyuzipepala. A Magadalena anawaona koma sanafunse. Anavala jekete ndi tayi ngati akupita kwa bishopu, n'kuyenda kamtunda kakafupi kaja, kamene kanawatalikira kuposa ulendo wa ku Mayani. Chibwerere Stefano pa sukulupo, anali asanapondepo pakhomo pake.

"Odi kuno."

A Bridget anatuluka, anadzidzimuka pang'ono, n'kuthamangira mpando. Stefano anali atapita ku boma. Anjelina anabwera kuchokera kuseri, manja onyowa, n'kugwada patali, pamene mwana amagwada akamalonjera munthu wachilendo.

"Mwaswera bwanji, ababa?"

"Ndaswera, kaya iwe, mwanawe?"

"Ndaswera bwino."

A Eustace anamasula nyuzipepala.

"Ndabweretsa nsapato zako. Kukuzizira. Ndinalakwa, Anjelina. Mtima unandipweteka, ndiye ndinachita zopusa. Tiye kunyumba, amayi ako akukusowa. Kukompyutako uzipita, sindidzakuletsanso."

Anali asanalankhulepo chotero kwa munthu aliyense chibadwire, ndipo anayembekeza kuti mawu olemera choncho agwetsa khoma nthawi yomweyo. Anjelina anamvetsera mpaka anamaliza. Sanalire, sanakwiye.

"Zikomo, ababa. Koma nsapato ndili nazo, amalume anandigulira zina." Anaziyang'ana nsapato za m'nyuzipepalazo. "Izo mukapatse Elena. Mwina akhoza kuyambanso kundilankhula."

Apo ndi pamene a Eustace anayang'ana pakhomo. Pambali pa chopondera panali nsapato zatsopano zakuda, zomukwana bwinobwino, osati zokulirapo.

"Nanga zobwera kunyumba?"

"Ndidzafunsa amalume."

A Bridget anasuzumira pazenera la khitchini.

"Anjelina, madzi awira. Bwera udzawapangire tiyi alendo."

Mwana anadzuka n'kulowa. A Eustace anatsala pampando, nsapato zili pamiyendo, osadziwa poziika. Patapita kanthawi Anjelina anatuluka ndi thireyi, anagwada, n'kuwapatsa tiyi ndi manja awiri m'kapu yamaluwa, ija a Bridget amasungira anthu obwera mwa apo ndi apo.